Ntchito yakutherani ku Joni? Umu ndi momwe mungatengere ndalama za UIF

Kwathu ku Malawi ntchito ikatha, munthu amadalira ndalama zotsanzikira ndi penshoni, boma silipereka kalikonse pamwezi. Ku South Africa kuli thumba lothandiza anthu omwe ntchito yawathera lotchedwa UIF (Unemployment Insurance Fund), lomwe lili pansi pa Department of Employment and Labour. Abale ambiri omwe ali ku Joni amadulidwa ndalama za thumbali mwezi ndi mwezi, koma ntchito ikatha amangolongedza katundu osatengako ngakhale randi imodzi.

Choyamba, yang'anani pa payslip yanu. Pakhale mzere wa UIF wosonyeza 1 peresenti ya malipiro anu, ndipo abwana amaonjezerapo 1 peresenti ina. Kuyambira mu June 2021, malipiro omwe amawerengedwa amathera pa R17,712 pamwezi, choncho palibe wantchito wodulidwa kuposa R177.12. Lamuloli limakhudza aliyense wogwira ntchito maola oposa 24 pamwezi kwa bwana mmodzi, kuphatikizapo ogwira m'nyumba ndi m'magadeni. Ngati munkadulidwa koma abwana sanakulembetseni, kadandauleni ku Labour Centre, ofesi ya boma yoona za ntchito.

Chachiwiri ndi chimene chimagwetsa ambiri: ntchito yatha bwanji? Amene wachotsedwa, amene kampani yachepetsa antchito, amene kontirakiti yake yatha kapena kampani yake yagwa, ali ndi ufulu wolandira. Amene wasiya yekha kapena wangothawa pantchito salandira. Nchifukwa chake musathamangire kusaina kalata yoti mwasiya nokha, ngakhale abwana akunyengerereni ndi malipiro a mwezi umodzi kapena akuuzeni kuti zikhala bwino pa mbiri yanu. Siginecha imodziyo itha kukutayitsani ndalama za miyezi ingapo. Ngati anakuzunzani mpaka mwachoka mosafuna, pitani ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30 kuti akaweruze ngati kumeneko kunali kukuthamangitsani.

Mukatero, pemphani kwa abwana fomu ya UI-19 pamodzi ndi pepala losonyeza malipiro anu a miyezi yapitayi. Musangoipinda n'kuika m'thumba, iwerengeni pomwepo. Pa fomuyi pamalembedwa nambala ya chifukwa chothera ntchito: 4 ndi kuchotsedwa, 5 ndi kutha kwa kontirakiti, 11 ndi kuchepetsa antchito, pomwe 6 ndi kusiya nokha. Ngati alemba 6 inu musanasiye nokha, ibwezeni akonze. Onaninso kuti dzina ndi nambala ya pasipoti zikufanana ndendende ndi za m'pasipoti mwanu. Mayina athu achimalawi amalembedwa molakwika kawirikawiri kunoko, ndipo chilembo chimodzi chokha chingaimitse zonse.

Kenako tengani fomu ya UI-2.8 ku banki yanu kuti akadinde. Akaunti ikhale ya dzina lanu, osati ya mnzanu wogona naye nyumba imodzi.

Mapepala akakwana, pitani ku Labour Centre yapafupi mutanyamula pasipoti ndi chilolezo chanu chogwirira ntchito, kapena mapepala a othawa kwawo ngati ndi omwe muli nawo. Pali njira ya pa intaneti yotchedwa uFiling, koma kwa ife ochokera kunja ndi bwino kukaonekera nokha, chifukwa mapepala athu amayenera kutsimikizidwa. Lawirani m'mamawa, mizere imatalika. Kumeneko mukadzaza fomu yopemphera ndalama ndi kulembetsa ngati munthu wofuna ntchito. Zonsezi ndi zaulere, ndiye wina akakuimitsani pageti kuti mumupatse kangachepe akufulumizireni, mudutseni. Muli ndi miyezi 12 kuchokera tsiku lomwe ntchito inatha, koma musadikire mpaka ndalama ya lendi itathe.

Musayembekezere malipiro athunthu. UIF imapereka pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya zomwe munkalandira, ndipo olandira zochepa ndiwo amapeza gawo lalikulu. Kutalika kwa nthawi kumatengera zaka zomwe mwasonkha. Wosonkha zaka zinayi zathunthu atha kulandira mpaka masiku 365, koma akadutsa masiku 238 ndalama imatsikira pa 20 peresenti.

Pempho likavomerezedwa, azikupatsani tsiku lobwera kudzasaina kuti mudakali pa ulova. Mukaphonya, ndalama imaima. Apa mpamene ofuna kukwera basi yobwerera ku Lilongwe kapena ku Mangochi ayenera kuganiza kawiri, chifukwa lamulo limafuna munthu amene alipo ndipo ndi wokonzeka kugwira ntchito. Mukapeza ntchito ina, auzeni mwamsanga, pakuti kupitiriza kulandira ndi mlandu wachinyengo ndipo ndalamazo amakubwezetsani.

Akakukanani, funsani chifukwa chake molembedwa. Muli ndi masiku 90 ochitira apilo, ndipo fomu yake ya UI-12 mukaipeza ku Labour Centre komweko.