Kuyeza BP molondola: malangizo kwa ophunzira unamwino

Odwala ambiri amafika patebulo loyezera atayenda mtunda wautali kapena atapalasa njinga, thukuta lili kamukamu. Mukawamanga lamba nthawi yomweyo, nambala idzatuluka yokwera chifukwa cha ulendowo. Auzeni kuti, "Agogo, khalani kaye apa mupumeko," papite mphindi zisanu. Afunseni ngati asuta fodya kapena amwa khofi m'mphindi 30 zapitazo, komanso ngati akufuna kukataya madzi, pakuti chikhodzodzo chodzaza chimakweza BP.

Akhale atatsamira mpando, mapazi onse ali pansi, miyendo yosapingasa. Mkono ugone patebulo molingana ndi mtima, chifukwa mkono wolendewera umapereka nambala yokwera. Ngati avala juzi, avule mbali imeneyo. Kupinda malaya othina kumapana mitsempha.

Pankhani ya lamba ndi pomwe ophunzira ambiri amaphonya. M'kati mwake muli kachikwama kolowa mpweya, ndipo kutalika kwake kuyenera kuzungulira pafupifupi 80 peresenti ya mkono. Lamba wamng'ono pamkono wonenepa amakweza nambala, mpaka munthu wabwinobwino n'kuyamba kumwa mankhwala omwe sakuwafunika. Lamba wamkulu pamkono woonda amaitsitsa, matenda n'kubisala. Mangani lambayo masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa popindikira mkono, chizindikiro chake chilunjike pamtsempha wa brachial (mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa popindikira mkono), ndipo athine mongokwanira kulowa zala ziwiri. Musamange mkono womwe uli ndi diripi kapena wa mbali yomwe mayi anachotsedwa bere.

Musanatenge stethoscope (chipangizo choika m'makutu chomverera kugunda kwa mtima ndi mitsempha), gwirani mtsempha wapadzanja ndi zala ziwiri, mupope mpaka kugunda kutasiya, muone nambala yomwe muvi wa chipangizo choyezera wafika, kenako mutulutse mpweya wonse. Ambiri amadumpha zimenezi pothamangira mzere, koma n'zofunika kwambiri. Mwa anthu ena, makamaka achikulire, phokoso la mtsempha limamveka, n'kuzimirira kwakanthawi, n'kuyambiranso. Mukapopa mongoyerekeza mutha kuimira m'kati mwa kachete kameneko, ndiye BP ya 190 n'kuilemba 150.

Pakapita masekondi 30, ikani stethoscope pamtsempha wa brachial osaipanikiza kunsi kwa lamba. Musaigwire ndi chala chachikulu chifukwa chili ndi kugunda kwake komwe kungakusokonezeni. Popani kupitirira nambala ija ndi 20 mpaka 30 mmHg (muyeso wa BP), kenako masulani kavavu pang'onopang'ono kuti muvi uzitsika ndi 2 kapena 3 mmHg pa sekondi. Pomwe mwamva kugunda koyamba ndiye nambala yapamwamba, pomwe phokoso latheratu ndiye yapansi. Maphokoso amenewa anawafotokoza dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkoff, mu 1905. Mukamasula mofulumira, yapamwamba imatsika ndipo yapansi imakwera. Panthawi yonseyi wodwala asalankhule, inunso musamufunse mafunso.

Lembani m'buku la kuchipatala zomwe mwamvadi. Ngati ndi 138/86, musaizungulize kukhala 140/90, chifukwa kusiyana kochepako kumasintha zomwe dokotala angachite. Bwerezani pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Paulendo woyamba yezani mikono yonse, ndipo m'tsogolomo muzigwiritsa ntchito womwe wapereka nambala yokwera. Makina a mabatire amafunanso kukhazika wodwala ndi kusankha lamba chimodzimodzi, ndipo amatha kuphonya ngati mtima ukugunda modumphadumpha. Zikatero yezani ndi makutu.

Kupeza 140/90 kamodzi sikokwanira kumuuza munthu kuti ali ndi matenda a BP. Ayenera kuyezedwanso tsiku lina. Koma ikafika 180/120 ndipo wodwala akumva mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kapena mbali imodzi ya thupi yafooka, itanani namwino wamkulu kapena dokotala pomwepo.

Kusikelo samalani koposa. Mayi woyembekezera yemwe wapitirira masabata 20 akapezeka ndi 140/90, yezani mkodzo kuti muone ngati muli puloteni, ndipo dziwitsani mzamba. Ikafika 160/110, kapena mayiyo akudandaula mutu, kusaona bwino kapena ululu kunsi kwa nthiti zakumanja, musamubwezere pamzere kapena kumusiya yekha. Atha kuyamba kukomoka nthawi iliyonse, choncho khalani naye pamene mnzanu akukaitana mzamba.