Momwe mungapezere chuma mu Skyrim popanda kusanduka mbava

Skyrim, gemu ya Bethesda yomwe inatuluka mu 2011, ilibe muyeso wosonyeza ngati ndinu munthu wabwino kapena woipa monga zilili mu Fallout 3. Zimene mwachita zimakupezani pamsika: amene avomere kukugulani katundu, mtengo umene akupatseni, ndi sitolo yomwe itsekedwe chifukwa cha inu. Choncho malonda ndi khalidwe muziyendetsere limodzi kuyambira pa chiyambi.

Za kuika gemuyi pa kompyuta sindinenapo zambiri. Ingosamalani ndi anyamata okopera magemu pa fulashi, chifukwa ambiri amakupatsani yodukaduka, ina yobwera ndi mavairasi. Dikirani nthawi yotsitsa mitengo pa Steam, ndipo mukonzeretu bandulo yaikulu.

Gawo loyamba: musamatole chilichonse. Yang'anani kulemera kwa chinthu ndi mtengo wake. Mphete, mikanda, miyala yamtengo wapatali ndi mankhwala n'zopepuka koma zimalipira. Zida zachitsulo za achifwamba zisiyeni pamtembo pomwepo. Kumayambiriro ogulitsa amakupatsani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wolembedwa, ndiye musadabwe.

Gawo lachiwiri: dziwani matumba a ogulitsa. Lucan Valerius wa ku Riverwood ndi Belethor wa ku Whiterun amagula chilichonse, koma aliyense amakhala ndi golide wokwana ngati 750, ndipo thumba limadzazanso pakapita maola 48 a m'gemu. Muziyamba mwagula zimene mukufuna kuti ndalama zawo zichuluke, kenako muzitenge pogulitsa zanu. Ku Whiterun komweko, mankhwala pitani nawo kwa Arcadia, zida kwa Adrianne Avenicci pafupi ndi chipata cha mzinda. Mukakhala ndi mulu wa zinthu zofanana, gulitsani chimodzichimodzi, chifukwa mukagulitsa mulu wonse kamodzi luso la Speech, lomwe ndi la kulankhula ndi malonda, limangowerengera chimodzi. Belethor uja amakuuzani yekha kuti akanakhala ndi mlongo akanamugulitsa, ndiye musayembekezere chifundo pa mitengo yake. A Khajiit, anthu ooneka ngati amphaka, a gulu la Ri'saad omwe amamanga mahema kunja kwa mpanda wa Whiterun ali ndi katundu wosowa, koma skooma wawoyo, mankhwala ozunguza bongo, musataye naye ndalama.

Gawo lachitatu ndi la galu, ndipo apa ndi pomwe ine zinandiwonongekera. Mukafika level 10 pitani ku Falkreath, mukalankhule ndi Lod wosula zitsulo. Akuuzani za galu amene wamuona pamsewu. Galuyo ndi Barbas, amalankhula, ndipo akufuna mumuyanjanitse ndi mbuye wake Clavicus Vile, mzimu wokonda mapangano achinyengo. Mukadutsa phanga la Haemar's Shame, Clavicus akutumani ku Rimerock Burrow kukatenga nkhwangwa yotchedwa Rueful Axe.

Ulendo wonsewo Barbas amatopetsa. Amauwa osalekeza, amakukankhani kumbuyo mukuchinga uta, amaima pakhomo penipeni mukufuna kutuluka. Mukabwerera ndi nkhwangwa, Clavicus amakunyengererani kuti mumuphe galuyo nkhwangwayo ikhale yanu. Ine ndinali nditakwiya naye kale, ndipo nkhwangwa inkaoneka yokongola, ndiye ndinamutema. Nkhwangwayo ndi yolemera, imachedwa kuzungulira, ndipo posakhalitsa mumapeza zida zoiposa. Inangothera m'bokosi.

Mukakana kupha galuyo, mumabweza nkhwangwa n'kulandira chigoba cha Masque of Clavicus Vile. Mukachivala mitengo yonse imakukomerani ndi 20 peresenti, Speech imakwera ndi 10, ndipo chimagwira ntchito mpaka gemu kutha. Ndiponso chigobachi n'chimene chimawerengedwa pa zinthu 15 za mizimu ya Daedra, monga Clavicus, zofunika pa mphotho ya Oblivion Walker, nkhwangwa ija ayi. Sevani musanalankhule ndi fano la Clavicus kachiwiri. Ine sevu yanga yomaliza inali kutali kwambiri moti kubwerera kukanatanthauza kuyambiranso mapanga onse awiri. Chinanso, malinga ngati simunamalize ntchitoyi Barbas safa pankhondo, choncho ena amangoyenda naye dziko lonse ngati chishango.

Gawo lachinayi: sankhani ngati mukufuna kuba kapena ayi. Chinthu cha mwini chimaonetsa mawu ofiira mukachilozera. Mukachitenga, ogulitsa wamba sangachigule, ndipo mukalipira chindapusa alonda amalanda zakuba zonse. Kumenya munthu ndi 40, kupha ndi 1000, ndipo chigawo chilichonse mwa zisanu ndi zinayi chimasunga mlandu wake pachokha. Nkhuku za ku Riverwood musazikhudze, mudzi wonse ukuthamangitsani ngati wakuba wagwidwa mumsika.

Wogula zakuba ndi Tonilia wa ku Ragged Flagon, pansi pa mzinda wa Riften, koma muyenera kulowa gulu la Thieves Guild. Brynjolf, mmodzi wa akuluakulu a gululo, amayamba ndi kukutumani kuba mphete ya Madesi n'kuiika m'thumba la Brand-Shei, munthu wosalakwa. Mukatero Brand-Shei amapita kundende, inu mwataya wogulitsa mmodzi pamsika womwe mudzaufune tsiku ndi tsiku. Ambiri sadziwa kuti mukhoza kungotaya mpheteyo, n'kukamuuza Brynjolf kuti yasowa, ndipo akuitanirani m'gululo ndithu. Za kukaopseza Keerava, Bersi ndi Haelga kuti alipire ngongole ndiye palibe pozembera.

Gawo lachisanu: mankhwala. Tirigu ndi chala cha chimphona, Giant's Toe, zimapanga mankhwala odula kwambiri. Kungoti chimphona chikakumenya ndi chibonga mumauluka mpaka kumitambo, ndiye chilaseni muli patali.

Zotsalazi n'zosavuta. Valani Amulet of Zenithar pogulitsa, imawonjezera 10 peresenti. Speech ikafika 50 tengani luso lapadera la Merchant kuti aliyense azigula chilichonse, pa 70 tengani la Investor muziika 500 m'masitolo omwe mumapitako kawirikawiri kuti thumba lawo likule. La Fence, logulitsira zakuba, limafuna 90, ambiri sitifikako. Mukasonkhanitsa 5000 kagulani nyumba ya Breezehome kwa Proventus Avenicci ku Dragonsreach, nyumba ya mfumu ya Whiterun, koma musungeko zina chifukwa mipando ndi mabokosi ena mumalipira padera.