Vindikirani shafti musanayatse makina opalira ndi ochekera matabwa

Mukayenda ku Mchesi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, mupeza amisiri ambiri akugwiritsa ntchito makina opanga okha. Tebulo lachitsulo analumikiza owotcherera, mota inagulidwa yogwirapo kale ntchito, pamwamba pali macheka ozungulira kapena mipeni yopalira. Luso limeneli ndi loyamikirika, ndipo likudyetsa mabanja. Chodetsa nkhawa chili kunsi ndi m'mbali mwa tebulolo, kumene shafti (mtanda wachitsulo wozungulitsa macheka kapena mipeni), pule (kagudumu koyendapo lamba) ndi lamba zimazungulira zili pambalambanda.

Macheka aliyense amawaopa chifukwa mano ake amaoneka. Shafti ndi yosalala, ndipo ikathamanga imaoneka ngati yangoima. Koma tawerengani izi. Mota zambiri za pa magetsi athu zimazungulira ka 1,440 pa mphindi, zina pafupifupi ka 2,900. Yocheperayo ndiye kuti ikuzungulira ka 24 pa sekondi imodzi. Shafti yonenepa mamilimita 25 ikagwira nsonga ya malaya pa liwiro limeneli, imakulunga nsalu yotalika pafupifupi mamita 2 sekondi isanathe. Palibe munthu angafike pa switchi nthawi imeneyo. Ndipo nsalu ikakulungika sing'ambika msanga ayi, imakoka mkono, phewa, mpaka mutu.

Malo oopsa kwambiri ndi atatu. Poyamba ndi pamene lamba akulowa mu pule, chifukwa pamenepo pamakoka chala ngakhale mwangokhudza pang'ono. Pena ndi pa bawuti kapena kiyi womangira pule, ngati mutu wake watulukira kunja. Amisiri ena kiyi akataika amakhomapo msomali n'kuupinda. Chonde lekani zimenezi, msomali umenewo ndi mbedza yodikira chovala cha munthu. Pachitatu ndi kumapeto kwa shafti, kumene kwatsalira chitsulo chotuluka kupyola pule kapena beringi. Malamulo a chitetezo cha pantchito a ku America amati mbali yotulukayo isapitirire theka la kunenepa kwa shaftiyo pokhapokha itavindikiridwa ndi chipewa chosazungulira. Muyezo umenewu ndi wabwino kuutsatira. Ngati chitsulo chotsaliracho chilibe ntchito, chiduleni ndi kusalaza podulapo.

Chotchingira sichifuna ndalama zambiri. Pa shafti yaitali, lowetsani m'paipi yokulirapo, yachitsulo kapena ya pulasitiki yolimba, ndipo paipiyo imangiriridwe ku tebulo kuti isakhudze shafti ndiponso isazungulire nayo. Pa lamba ndi mapule, pangani bokosi la lata lochindikala kapena la pulayiwudi, lotseka kutsogolo, pamwamba, m'mbali ndi kumbuyo komwe. Ndikunenetsa za kumbuyo chifukwa ambiri amatseka mbali yoonekera yokha, chonsecho mnyamata wophunzira ntchito amalowetsa dzanja kumbuyoko pochotsa utuchi.

Mota imafuna mpweya, choncho musaitsekere yonse m'bokosi lopanda mabowo. Itentha, ndipo utuchi wouma ukadzadza m'menemo moto suchedwa. Ikani sefa ya waya pamene pakufunika mpweya. Apa samalani ndi kukula kwa mabowo. Muyezo wa padziko lonse wa chitetezo cha makina, wotchedwa ISO 13857, umati mabowo a mamilimita 12 mpaka 20 akhale kutali ndi chozungulira ndi masentimita 12 kapena kuposerapo. Malo akachepa, gulani sefa ya timabowo ting'onoting'ono tosalowa nsonga ya chala. Poti ambiri mumagwirira ntchito pakhomo, chala choyesera mabowowo chikhale cha mwana wanu wamng'ono, osati chanu. Yesani mabowowo makina ali chizimire, pulagi mutazula.

Chotchingiracho mangani ndi mabawuti, kuti wofuna kuchotsa ayambe wafuna sipanala. Chokoleka ndi waya kapena chomanga ndi mphira chimagwa ndi kunjenjemera kwa makina, mwinanso kugwera pa lamba n'kudzetsa ngozi ina. Komanso musachiwotcherere mpakampaka. Tsiku losintha lamba mudzachidula ndi gilayinda, ndipo mwachidziwikire simudzachibwezeretsa. Siyani kabowo kakang'ono koyang'anizana ndi pothirira girizi kuti musamachotse bokosi lonse nthawi iliyonse.

Tikambeko za magetsi. Akathima muli pakati pa ntchito, switchi wamba imatsala ili choyatsa. Mmisiri amaona ngati wapeza mpata, ayamba kukunga lamba kapena kusesa kunsi kwa tebulo, magetsi aja n'kubwera mwadzidzidzi. Choncho akangothima, zimitsani switchi ndi kuzula pulagi musanagwire china chilichonse. Amene mungathe, uzani wodziwa zamagetsi akuikireni sitata ya maginito, imene amaitcha DOL starter. Imeneyi magetsi akathima imadzimasula yokha, ndipo makina sayakanso mpaka munthu atadina batani. Batani lozimitsira likhale pamene mumaimirira, osati kuseri kwa makina.

Zovala nazo zili ndi mbali yake. Malaya alowe m'thalauza, manja ake apindidwe kupyola chigongono. Magolovesi ndi abwino ponyamula matabwa, koma pafupi ndi chozungulira avuleni, chifukwa akakodwa amapita ndi dzanja. Wotchi, mkanda ndi zingwe za mahedifoni zikhale m'thumba. Amayi amene mwaphunzira ukalipentala kudzera ku TEVETA, tsitsi lalitali limangidwe ndi kulowa m'chipewa, ndipo chitenje chisayandikire lamba. Amayi obwera kudzaola utuchi adikire makina aime kaye.

Inu eni shopu amene muli ndi antchito, dziwani kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo cha wantchito m'manja mwa womulemba ntchito. Pooda makina atsopano kwa owotcherera, mtengo wa chotchingira ulowe m'pangano kuyambira pachiyambi, ndipo musamalize kulipira chisanamangidwe pamakinapo.