Kufunsa dothi pamene panali khola

Agogo anga ku Ekwendeni ankadziwa bwinja poona bonongwe. Akamupeza wonenepa pakati pa tchire ankati, "Apa panagona ng'ombe." Ine ndimafunsa dothi funso lomwelo, koma ndi mankhwala.

Chomwe ife ofufuza zakale timasaka ndi fosifeti, mchere wina wa m'nthaka. Ndowe, mafupa ndi zotsala za chakudya zimamusiya m'nthaka, ndipo m'katondo wathu wa kuno ku Mzuzu amamatirira ku ayironi ndi aluminiyamu, moti ngakhale mvula ya ku Viphya simukokolola. Anayamba kuzindikira kuti fosifeti amaloza mabwinja ndi Olof Arrhenius wa ku Sweden m'ma 1920.

Musanakhudze khasu, kaonaneni ndi a mfumu, ndipo tengani chilolezo ku nthambi ya boma yoona zakale, monga likunenera lamulo la Monuments and Relics Act.

Pamalopo khomani zikhomo m'mizere, mamita 5 aliwonse. Pa chikhomo chilichonse tapani dothi lodzaza sipuni ziwiri pansi pa pomwe khasu limalekeza, kuya kofanana ponseponse, thumba lililonse ndi nambala yake. Tapaninso lina patali, pomwe mukukhulupirira kuti sipanakhale munthu. Ambiri amaiwala limeneli, koma popanda ilo mufanizira ndi chiyani?

Likauma pamthunzi, yesani mwa njira ya 1973 ya katswiri wina, Robert Eidt. Ikani kadothi kochepetsetsa pa pepala losefera, donthezani madontho awiri a mankhwala a ammonium molybdate osakaniza ndi asidi, dikirani masekondi 30, kenako madontho awiri a vitamini C. Pakatha mphindi ziwiri onani buluu. Akada ndi kutambalala, fosifeti ndi wambiri. Lembani pa mapu. Chigamba chachikulu chozungulira chimaloza khola, makamaka kumadera a Angoni komwe ng'ombe zinkagona pakati pa mudzi. Kachigamba kam'mbali kokhala ndi mapale ndi makala kawirikawiri ndi dzala. Pomwe panali phulusa pamachepa asidi, choncho yesaninso pH, muyeso wa asidi m'dothi.

Chinandipweteka ndi ichi. Chaka china ndinasangalala ndi buluu wokongola, ndikuti ndapeza khola lamakedzana. Mayi mwini munda anabwera n'kundiuza modekha kuti, "Bambo, pamenepo ndimathira 23:21 chaka chilichonse." Pa feteleza ameneyu, nambala 21 ija ndi fosifeti. Masiku atatu anapita pachabe. Lero ndisanakhome chikhomo ndimakhala pansi ndi eni munda, kuwafunsa za feteleza, za manyowa, za chulu chomwe anagumula, komanso amene anawasiyira malowo.