Mmene tinathetsera mkangano wa nyimbo m'gulu lathu

Tilipo asanu, timaimba m'maukwati. Chaka chatha gulu linatsala pang'ono kupasuka. Achimwene a gitala ankafuna rege yokhayokha, wang'oma akukakamira manganje. Tsiku lina achimwenewo anangokulunga chingwe cha gitala n'kutuluka osatsanzika. Zinandipweteka mumtima.

Ndinagula kope n'kuwatsatira kunyumba. Ndinapempha kuti aliyense m'gulu lathu alembemo nyimbo zitatu basi. Loweruka tinaziimba zonse 15 tikujambula pa foni, kenako n'kumvetsera tili chete. Zinaoneka zokha: ziwiri zinkamukwera woimba wathu mpaka mawu kusasa, tinazitsitsa. Zinayi tinazichotsa. Za perekaniperekani tinagwirizana kuti azisankha ndi eni ukwati, poti ofupa ndi abale awo. Rege ya achimwene tinaiyika kumapeto, achinyamata akatsala okha m'holo.