Momwe mungagwiritsire ntchito mawu oti "crash and burn" osadzichititsa manyazi

Amene mumaonera mpira wa ku Ulaya kapena kuwerenga nkhani za ku UK ndi America pa foni mwina munamvapo mawu oti "crash and burn". Vuto ndi loti ena amangowatola n'kuwaponya paliponse, olo munthu wangochedwa minibasi akuti wapanga crash and burn, ayi sizili choncho.

Choyamba gwirani kaye chithunzi chake. Mawuwa anachokera ku ndege, ndege ikagwa ndi mafuta m'thanki nthawi zambiri imayaka moto pompo ndipo palibe choti mungatole. Nde akamanena za munthu, timu kapena bizinesi amatanthauza kugwa chagada mwadzidzidzi, kugwa koti anthu onse akuona.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya, musanawalembe dzifunseni ngati chinthucho chinali m'mwamba. Chomwe sichinanyamuke n'komwe sichingagwe. Brazil mu World Cup ya 2014 inali pakwawo, masapota akuimba kuti chikho chatsala kunyamula basi, pa 8 July ku Belo Horizonte Germany inawathira zigoli 5 mphindi 30 zisanakwane, zinayi mwa izo zinalowa motsatizana anthu asanamalize kudandaula choyambacho, masewero n'kutha 7-1. Imeneyo ndiye crash and burn yeniyeni. Koma timu yoti chaka chonse yakhala ikuluza ili kumunsi kwa ligi, imeneyo yangokanika basi, musaiwonongere mawu.

Liwiro nalo ndi lofunika. Liz Truss analowa u Prime Minister ku UK pa 6 September 2022, pa 23 September nduna yake ya zachuma Kwasi Kwarteng inalengeza zodula misonkho osanena bwinobwino komwe ndalama zichokere, paundi inagwa mphamvu koopsa, pa 20 October mayi uja analengeza kuti akutula pansi udindo, n'kuchoka pa 25 October. Masiku 49 okha pampando. Golosale yomwe yakhala ikufa pang'onopang'ono kwa zaka chifukwa cha ngongole za achibale, mashelefu akutsala sopo ndi machesi okha, nkhani yake ndi ina.

Chachitatu, kalembedwe. Mawu onse awiri amasintha limodzi, zikakhala zakale mulembe "crashed and burned", zikakhala zikuchitika pano "crashing and burning", munthu mmodzi "crashes and burns". Musawatembenuze kuyamba ndi burn, m'mawuwa ndege imayamba yagwa kenako moto. Komanso mukatha mawuwa musawonjezere dzina la chinthu ngati kuti wina wagwetsa mnzake, munene "the business crashed and burned" n'kulekera pomwepo.

Chachinayi samalani ndi sipelo. Crash ndi crush anthu amasokoneza kwambiri chifukwa pakamwa pathu zimamveka chimodzimodzi, koma crush ndi munthu uja mumamusirira mwakachetechete kapena kuphwanya chinthu. Mukalemba "crush and burn" pa Facebook ana a sukulu akusekani mpaka screenshot ifika m'magulupu a WhatsApp. Palinso "burn out", kumeneko ndi kutopa ndi ntchito mpaka mutu kusiya kugwira, sizikugwirizana.

Chachisanu, onani malo. Ndi mawu ocheza, a pa mpira, a ndale, a mnyamata amene anapita kukafunsira atavala suti yobwereka n'kukanidwa pamaso pa anzake. Mu kalata yofunsira ntchito kapena lipoti la ku ofesi lembani "failed" kapena "collapsed". Ndipo pakachitika ngozi yeniyeni ya galimoto kapena ndege anthu atamwalira musayerekeze n'komwe, chifukwa pamenepo owerenga amva tanthauzo lenileni la kugwa ndi kupsa, ndipo abale a malemu nawonso amakhala pa intaneti pomwepo akuwerenga makomenti.