Kusamala boyila ya nkhuni kuti creosote ndi phulusa zisakuvuteni

Ena mwa ife Amalawi amene tili kuno ku Scotland timakhala kumidzi, m'nyumba za m'mafamu kumene gasi wa m'mapaipi safika. Nyumba yanga imafunda ndi boyila ya nkhuni: moto umatenthetsa madzi, madziwo n'kumazungulira m'mapaipi chipinda ndi chipinda. Nkhuni tinakula nazo, koma moto wotsekeredwa m'chitsulo uli ndi khalidwe lake, ndipo chimandidetsa nkhawa ndi creosote.

Creosote ndi phula lakuda limene utsi umasiya ukazizira usanatuluke m'chumuni. Poyamba amakhala ngati mwaye wa kutsindwi kwa khitchini, burashi imachotsa. Mukamulekerera amauma n'kuchita makoko, kenako amasanduka phula lonyezimira lomatirira, loti burashi imangoterera pamwamba. Limenelo ndi loopsa chifukwa limayaka, ndipo likagwira moto chumuni chonse chimalilima.

Ine ndimati ntchito yaikulu ili pamulu wa nkhuni, kupala phula m'boyila kumabwera pambuyo. Mtengo wongodula kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauponya m'boyila, moto umatha mphamvu kuwiritsa madziwo, utsi umatuluka wozizira, phula n'kumamata. Nkhuni zoyenera chinyezi chake chisapitirire 20 peresenti. Ku England anachita kukhazikitsa lamulo mu 2021 loletsa kugulitsa nkhuni zaziwisi m'timatumba ndi timilu ting'onoting'ono, n'chifukwa chake mumaona chizindikiro cha Ready to Burn pamatumba. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, sikadula. Wazani chikuni, mubaye pakati pomwe mwawazapo, chifukwa kunja kumanamiza. Mtengo wa oak umafuna zaka ziwiri kuti uume, birch amauma msangako. Sanjani nkhuni pamalo okwera, mufunditse pamwamba pokha, m'mbali mphepo izidutsa. Matabwa opakidwa penti kapena mankhwala musawasonkhe n'komwe.

Chachiwiri ndi kasonkhedwe, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa pofuna kusunga nkhuni. Munthu amadzaza boyila usiku, n'kutseka mpweya kuti moto ugone mpaka m'mawa. Nkhuni zimangofuka usiku wonse, ndipo utsi umenewo ndiwo umabala phula. Ndi bwino kusonkha zochepa, mpweya uli wotsegula, moto uziyaka ndi malawi owala. Tulukani panja muyang'ane kuchumuni: moto ukakolera bwino utsi suoneka kwenikweni. Ukamatuluka wochindikala, china chake chalakwika.

Pali china chimene eni mbaula wamba sakumana nacho. Makoma a boyila amazunguliridwa ndi madzi, ndiye madzi obwerera kuchokera m'zipinda akakhala ozizira, chitsulo chimachita thukuta mkati ndipo utsi umamata pomwepo. Madzi obwererawo azikhala pa madigiri 60 a Celsius kapena kuposa. Pali valavu imene imasakaniza madzi otentha ndi obwerera, ambiri amaidziwa ndi dzina la Laddomat. Funsani mwini nyumba ngati ilipo ndiponso ngati ikugwira ntchito. Boyila yokhala ndi thanki yaikulu yosungira madzi otentha ndiye yabwino kwambiri, chifukwa mumayatsa moto wamphamvu kamodzi, kutenthako n'kusungika m'thanki.

Popala, dikirani boyila izizire. Valani magolovesi ndi chotseka pamphuno, palani makoma ndi chitsulo chophwatalala, kenako mulowetse burashi yawaya m'timipata modutsa utsi. Ine nyengo yozizira ndimatero mlungu uliwonse. Chumuni chokha itanani katswiri wosesa, bungwe la HETAS, loona za mbaula ndi maboyila a nkhuni, lili ndi mndandanda wa ovomerezeka, ndipo kwa osonkha nkhuni amalangiza kusesa kawiri pachaka. Phula lonyezimira lija musalimbane nalo nokha, ndipo musayese kulitentha ndi moto waukulu.

Phulusa musalilole kutseka mabowo olowera mpweya. Woleni ndi fosholo, muike m'ndowa yachitsulo yovundikira, mutulutse panja nthawi yomweyo, kutali ndi khoma ndi nkhuni. Makala obisala m'phulusa amakhala amoyo masiku angapo, ndipo amatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Chonde, ndowa imeneyi isagone m'nyumba. Kuno ku Scotland, kuyambira February 2022, nyumba yokhala ndi chipangizo choyaka moto iyenera kukhala ndi alamu ya mpweyawu. Muziidina nthawi ndi nthawi kuti mumve ngati ikulira.

Mukamva chumuni chikulilima kapena kuthetheka, tsekani mpweya wonse ngati mungathe, tulutsani aliyense m'nyumba, imbani 999. Nyengo yozizira ikatha, wolani phulusa lonse mpaka pansi ndi kupala makoma bwinobwino, chifukwa phulusa likakoka chinyezi limadya chitsulo miyezi yonse imene boyila ili chikhalire.